Kodi Mumadziwa? Nthondo Anakafika ku London

Buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, ndi limodzi mwa mabuku oyamba a nkhani yopeka m'Chichewa. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli linapambana pa mpikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Africa womwe unakonzedwa ndi bungwe la International Institute of African Languages and Cultures.

Nkhaniyi imatsata Nthondo kuyambira kubadwa kwake, ubwana wake wosamva ndi wakuba, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, mpaka atalowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Kukoma kwake kuli pa miyambo ya Achewa yomwe yafotokozedwa mosabisa: maliro, milandu ya pabwalo, ukwati.

Mu 1934, m'busa Thomas Cullen Young anamasulira bukuli m'Chingerezi, ndipo linasindikizidwa ku London ndi mutu wakuti Man of Africa.