Makomo Awiri a Rauta: Kakonzedwe ka Intaneti ya Pakhomo

Rauta ndi kachipangizo kamene kamaima pa malire a netiweki ziwiri, ina ya kunja, imene ili m'manja mwa kampani yopereka intaneti, ndi ina ya m'nyumba, imene imalumikiza mafoni, makompyuta ndi wailesi zakanema, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kuona kumene uthenga uliwonse ukulowera n'kuulozera njira. Kabokosi kamene kamagulidwa m'sitolo kamangotchedwa rauta mwa chizolowezi, pakuti m'kati mwake mumakhala zipangizo zingapo zophatikizidwa, monga modemu, imene imalankhulana ndi nsanja ya mafoni kapena chingwe chochokera kunja, chogawira mauthenga ku zingwe za m'nyumba, ndiponso kawailesi kotumiza ndi kulandira mafunde a Wi-Fi. Opanga amakakonza kuti kayambe kugwira ntchito kakangoyatsidwa, chifukwa wogula amene wavutika tsiku loyamba amabweza katundu, koma kuphweka kumeneko kumabwera ndi makomo ena osatseka, amene mwini nyumba ayenera kuwadziwa ndi kuwatseka yekha.

Mbali yoyang'ana kunja imatchedwa WAN, ndipo kakonzedwe kake kamatengera njira imene intaneti imafikira pakhomopo. M'Malawi nyumba zambiri zimagwiritsa ntchito rauta yolowetsamo simukadi ya TNM kapena Airtel, ndipo rauta yotere imafuna APN, limene ndi dzina la khomo lolowera pa netiweki ya kampani ya mafoni. Kawirikawiri dzinali limadzilemba lokha, koma rauta yogulidwa kunja kwa dziko ikhoza kufuna kuti lilembedwe pamanja, ndiponso ikhoza kukhala yomangidwa kuti izivomera simukadi ya kampani imodzi yokha, chinthu chimene wogula ayenera kufunsa asanatulutse ndalama. Kumene intaneti imabwera pa chingwe cha faiba, rauta imapatsidwa adiresi yokha ikangolumikizidwa, kapena imafuna dzina ndi pasiwedi zochokera ku kampani, mwa njira yotchedwa PPPoE. Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, imakonzedwa kudzera pa pulogalamu ya pa foni. Pa mbali yonseyi mwini nyumba alibe zambiri zosankha, popeza amangolemba zimene kampani yamupatsa, ndipo akalakwitsa chilembo chimodzi, Wi-Fi imaoneka pa foni ndi mphamvu zake zonse koma tsamba lililonse limakana kutseguka, zimene zimasokoneza anthu ambiri amene amaganiza kuti Wi-Fi ndi intaneti ndi chinthu chimodzi.

Zokonza zonse zimachitikira pa tsamba loyendetsera rauta, limene limakhala m'kati mwa rauta momwemo, kotero kuti limatseguka ngakhale bandulo itatha. Kunsi kwa kabokosi kapena kumbuyo kwake kumakhala kapepala komatidwa, ka zilembo zing'onozing'ono, kamene kamasonyeza dzina la Wi-Fi, pasiwedi yake, adiresi ya tsamba loyendetsera, ndi dzina lolowera. Adiresiyo, imene kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei imakhala 192.168.8.1, imalembedwa pamwamba pa pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome, pamalo pamene pamalembedwa dzina la tsamba lililonse.

Manambala amenewa ali ndi mbiri yofunika kuimvetsa, chifukwa ndi imene imafotokoza mmene mbali ya m'nyumba, yotchedwa LAN, imayendera. Chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku netiweki chimafuna adiresi ya IP, imene ili ngati keyala yolandirira mauthenga, ndipo dongosolo lakale la maadiresi, lotchedwa IPv4, lili ndi maadiresi pafupifupi mabiliyoni 4.3 okha, chiwerengero chimene chinkaoneka chachikulu pachiyambi koma chinachepa, moti mu February 2011 bungwe la IANA linagawa zigawo zake zomaliza kwa mabungwe a m'madera, kuphatikizapo AFRINIC, limene limayang'anira Africa ndipo likulu lake lili ku Mauritius. Vutoli linaoneka likadali patali, ndipo mu 1996 chikalata chotchedwa RFC 1918 chinakhazikitsa magulu atatu a maadiresi oti azigwira ntchito m'nyumba ndi m'maofesi mokha, oyamba ndi 10, oyamba ndi 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Maadiresi amenewa sayenda pa intaneti, n'chifukwa chake nyumba mamiliyoni ambiri zingathe kukhala ndi 192.168.1.1 popanda kukangana. Foni ikapempha tsamba, rauta imachotsa adiresi ya m'nyumba n'kuikapo yake ya kunja, imasunga kaundula wa amene wapempha, ndipo yankho likabwera imalipereka kwa mwini wake. Njira imeneyi ndi imene imatchedwa NAT. Phindu lake lina, limene linangobwera lokha, ndi lakuti uthenga wochokera kunja umene palibe anaupempha umasowa kolowera ndipo umatayidwa pakhomo pomwepo.

Maadiresi a m'nyumba amagawidwa ndi rauta mwa njira yotchedwa DHCP, imene imabwereketsa adiresi kwa chipangizo chilichonse kwa nthawi yoikika, ndipo pa mafoni ndi malaputopu palibe chifukwa chosinthira kanthu. Pa makina osindikizira kapena kamera yolondera pakhomo, amene zipangizo zina zimafunika kuwapeza pamalo amodzi tsiku lililonse, ndi bwino kuwasungira adiresi yokhazikika pa tsamba la DHCP, pakuti magetsi akazima n'kuyakanso maadiresi amatha kusinthana, ndipo kompyuta imafunafuna makina osindikizira pa keyala imene anasamukapo. Vuto lina limabuka pamene rauta yachiwiri yawonjezedwa kuti Wi-Fi ifike ku nyumba ya kuseri: ngati marauta onse awiri akugawa maadiresi pa netiweki imodzi, zipangizo zimasokonezeka, ndipo mankhwala ake ndi kuzimitsa DHCP pa yachiwiriyo kapena kuisandutsa chofalitsira Wi-Fi chabe. Amene akufuna kuona kamera yawo ali kutali adziwenso kuti makampani a mafoni kawirikawiri amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi ya kunja, mwa njira yotchedwa CGNAT, kotero kuti kutsegula khomo pa rauta ya simukadi sikuthandiza kanthu. DNS, imene imamasulira maina a masamba kukhala maadiresi, ikhoza kusiyidwa mmene kampani inaikira, kapena kusinthidwa kukhala 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.

Wi-Fi imayenda pa mafunde a mitundu iwiri yodziwika. A 2.4 GHz amafika patali ndipo amapyola makoma bwinoko, koma ndi odzaza, popeza Bluetooth ndi ma uvuni a microwave amagwiritsanso ntchito omwewo, ndipo mwa tinjira take todutsamo uthenga, titatu tokha, 1, 6 ndi 11, ndi timene sitilowererana. A 5 GHz ndi achangu ndiponso opanda phokoso lambiri, koma khoma la njerwa zootcha kapena la konkire limawafooketsa msanga. Pa chifukwa chimenechi malo oikapo rauta amaposa zokonza zambiri za pa tsamba loyendetsera: rauta yoikidwa pamwamba, chapakati pa nyumba, kutali ndi firiji ndi malata, imatumikira bwino kuposa yodula imene yabisidwa m'kabati kuseri kwa wailesi yakanema. Rauta ya simukadi ili ndi zofuna ziwiri zotsutsana, pakuti imafuna pawindo loyang'ana nsanja komanso pakati pa nyumba, ndipo zikakanika kugwirizana, pawindo ndi pamene payenera kupambana, popeza Wi-Fi yamphamvu yopanda netiweki kumbuyo kwake ilibe chotumiza.

Nkhani ya chitetezo ndi imene eni marauta ambiri amaimvetsa mwatheka, chifukwa sadziwa kuti pali makiyi awiri. Kiyi woyamba ndi pasiwedi ya Wi-Fi, imene imalola chipangizo kulowa pa netiweki, ndipo mphamvu yake imatengera njira yobisira mauthenga imene yasankhidwa. Njira yoyambirira, WEP, inabwera ndi muyezo wa 802.11 mu 1997, koma mu 2001 akatswiri atatu, Scott Fluhrer, Itsik Mantin ndi Adi Shamir, anasonyeza kufooka kwa kabisidwe kake, ndipo pofika 2007 ofufuza a ku Darmstadt ku Germany anali atasonyeza kuti ikhoza kuthyoledwa mphindi imodzi isanathe. WPA inabwera mu 2003 ngati chigamba, WPA2 inatsatira mu 2004 ndi kabisidwe kolimba kotchedwa AES, ndipo WPA3 inalengezedwa mu 2018. Choyenera kusankha lero ndi WPA3, kapena WPA2 yokhala ndi AES ngati m'nyumba muli zipangizo zakale. Rauta imene ili ndi WEP yokha yatha ntchito ndipo iyenera kulowedwa m'malo.

Komabe WPA2 ili ndi pofewa pake, ndipo pofewapo ndi pasiwedi imene mwini wasankha. Munthu amene ali pafupi angathe kujambula mauthenga ochepa amene foni ndi rauta zimapatsana polonjerana, n'kupita nawo kwawo, kumene kompyuta yake imayesa mapasiwedi ambirimbiri popanda rauta kudziwa kanthu. Apa ndi pamene chizolowezi chogwiritsa ntchito nambala ya foni chimaonekera kuipa kwake: nambala ya ku Malawi ili ndi manambala 10, ndipo atatu oyamba, monga 088 kapena 099, amadziwika ndi aliyense, kotero kuti otsala ndi 7 okha, amene amapereka njira 10,000,000, zimene kompyuta yamphamvu imamaliza kuyesa m'mphindi zowerengeka. Dzina la mwana lotsatiridwa ndi chaka chobadwa ndi lofooka koposa pamenepo. WPA2 imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndipo mawu anayi kapena asanu osagwirizana tanthauzo, olembedwa mondondozana, ndi osavuta kukumbukira koma ovuta kwambiri kuwayerekeza. WPA3 inakonzedwa kuti itseke njira yoyesera kutali imeneyi, popeza imakakamiza woyesa kulankhula ndi rauta pa kuyesa kulikonse.

Pali khomo lina limene limalambalala pasiwedi yonse, ngakhale itatalika bwanji, ndipo limatchedwa WPS. Linapangidwa kuti chipangizo chizilowa podina kabatani kapena polemba nambala ya manambala 8, koma mu December 2011 Stefan Viehböck anafalitsa zimene anapeza, kuti rauta imayankha theka loyamba la nambalayo palokha ndi lachiwiri palokha, ndiponso kuti nambala yomaliza imangotsimikizira zinazo, kotero kuti m'malo moyesa kambirimbiri, kuyesa kosapitirira 11,000 n'kokwanira. Marauta atsopano amadzitseka munthu akalakwitsa kangapo, koma popeza WPS imapulumutsa masekondi ochepa okha, kuizimitsa ndi chisankho chopanda mtengo.

Kiyi wachiwiri, amene ambiri samukhudza n'komwe, ndi pasiwedi ya tsamba loyendetsera, imene pa marauta ambiri akale inkakhala admin, dzina ndi pasiwedi zomwe. Amene wagwira kiyi ameneyu ali ndi ulamuliro pa zonse: angathe kuona pasiwedi ya Wi-Fi, kutsekera kunja eni nyumba, kapena kusintha DNS kuti munthu akalemba dzina la banki azifika pa tsamba labodza. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inafalikira pa makamera ndi marauta poyesa maina ndi mapasiwedi a kufakitale oposa 60 okha, ndipo pa 21 October chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinatumidwa kukaunjikira kampani ya Dyn, imene inkapereka DNS, mpaka Twitter ndi Netflix zinasiya kupezeka kwa anthu ambiri ku America, eni zipangizozo osadziwa kuti katundu wawo akugwira ganyu ya wina. Pasiwedi imeneyi iyenera kusinthidwa tsiku loyamba, ikhale yosiyana ndi ya Wi-Fi. Njira yoyendetsera rauta uli kunja kwa nyumba izimitsidwe. Ndipo firmware, imene ndi pulogalamu yoyendetsa rauta, izikwezedwa opanga akatulutsa yatsopano, monga zinafunikira mu 2017 pamene Mathy Vanhoef anapeza kufooka kwa WPA2 kotchedwa KRACK. Kubisa dzina la Wi-Fi kapena kusankha zipangizo potengera adiresi ya MAC, imene ndi nambala yozindikiritsa chipangizo chilichonse, kumangopatsa mwini mtima wokhazikika, pakuti zonse ziwiri zimaoneka kwa aliyense amene ali ndi pulogalamu yomvetsera mafunde.

Kumene intaneti imagulidwa pa bandulo, wolowa mwakuba amadya ndalama zenizeni, ndipo nthawi zambiri saba mothyola, amangopatsidwa. Kuyambira pa Android 10 foni imatha kuonetsa pasiwedi ya Wi-Fi ngati chizindikiro cha QR, kotero kuti imene yapatsidwa kwa mlendo mmodzi imafika kwa anzake ndi oyandikana nawo nyumba madzulo omwewo. Kumana mlendo n'kovuta, ndipo netiweki ya alendo, imene marauta ambiri ali nayo, imathetsa manyazi amenewa: ili ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake, imatsekereza mlendo kuti asaone makompyuta a m'nyumba, ndipo pasiwedi yake ikhoza kusinthidwa sabata iliyonse popanda kuvutitsa a pabanja. Bandulo ikamatha msanga, choyamba kuona ndi mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, koma kawirikawiri wolakwa amakhala wa m'nyumba momwemo, popeza mafoni ndi malaputopu amayesa kuti Wi-Fi iliyonse ndi yopanda malire, n'kuyamba kukweza mapulogalamu ndi kutumiza zithunzi ku malo osungira, pokhapokha atauzidwa, pa Windows kapena pa Android, kuti netiwekiyo ndi metered, kutanthauza yowerengeredwa.

Pasiwedi ya tsamba loyendetsera ikaiwalika, njira yotsala ndi kabowo kakang'ono ka kumbuyo kolembedwa reset, kamene kamadinidwa ndi phini kwa masekondi pafupifupi 10 rauta ili yoyaka, mpaka timagetsi take titaphethira. Kudina kumeneko kumafufuta zonse, kuphatikizapo APN kapena dzina ndi pasiwedi za PPPoE, ndipo kumabwezeretsa zolembedwa pa kapepala ka kunsi kuja, WPS n'kuyakanso ngati inabwera yoyaka, choncho zimene kampani inapereka ziyenera kukhala zitalembedwa kale m'kope, kapena zitasungidwa m'fayilo imene tsamba loyendetsera limalola kukopera pa kompyuta.