Gumbagumba ikamalira ngati njuchi, asafulumire kugula sipika ina

Chaka ndi chaka, alimi a m'maboma a Angónia ndi Tsangano akagulitsa kachewere ndi fodya, ambiri amagula gumbagumba kuti izisangalatsa pakhomo ndiponso izibwerekedwa pa zinkhoswe ndi maukwati. Koma ena chimwemwe chawo sichikhalitsa, chifukwa akangoyatsa, m'masipika mumamveka kulira kosalekeza ngati njuchi zili mu mng'oma. Mwini wake amaganiza kuti sipika yafa, nakataya ndalama kugula ina, koma phokoso lija n'kukhalapobe.

Phokosoli nthawi zambiri limachokera ku magetsi. Magetsi a m'nyumba m'dziko lino la Mozambique ndi a mavoti 220, ndipo amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Kugwedezeka kumeneku kukaloŵerera m'njira imene nyimbo zimadutsa, sipika imangokutulutsa monga mmene itulutsira nyimbo. Choncho chofunika ndi kupeza poloŵera pake, ndipo munthu angathe kufufuza yekha osalipira kanthu.

Choyamba, azule mawaya onse obweretsa nyimbo, monga a foni, a wailesi yakanema kapena a maikolofoni, asiye a masipika okha, kenaka atsitse mawu mpaka kumapeto. Phokoso likatha, ndiye kuti makinawo ali bwino. Abwezeretse mawaya aja mmodzimmodzi kufikira phokoso litayambanso. Waya amene walibweretsa ndiye wolakwa. Kaŵirikaŵiri amakhala ataduka mkati pafupi ndi kumutu, kapena kumutuko kuli dzimbiri. Waya wa nyimbo asayende mopiringizana ndi wa magetsi.

Chachiŵiri ndi foni. Anthu ambiri amaimba nyimbo za m'foni uku ikutchajidwa, ndipo matchaja otchipa amaloŵetsa phokoso. Akazula tchaja n'kumva kuti kwakhala zii, vuto lapezeka. Chimodzimodzinso m'midzi yogwiritsa sola: mainiveta ena otchipa amatulutsa magetsi osasalala. Ngati gumbagumba ili ndi poloŵetsera mavoti 12, ailumikize ku batire mwachindunji, mosamala kuti waya wofiira ndi wakuda asasinthane.

Chachitatu, wailesi yakanema ndi gumbagumba zikakhala zolumikizana koma chilichonse chili pa soketi yakeyake, phokoso limabadwanso. Mankhwala ake ndi kuzitengera zonse magetsi pamalo amodzi.

Pali vuto lina la m'malire muno. Katundu wogulidwa ku Malawi, monga ku Dedza kapena ku Lizulu, amabwera ndi pulagi ya mano atatu amakonamakona, pamene masoketi ambiri kuno ndi a mabowo aŵiri ozungulira. Ena amadula pulagi n'kutsinira mawaya ndi timitengo ta machesi, waya wachitatu uja, wobiriŵira ndi chikasu, amene amisiri amamutcha terra, n'kumusiya lende. Waya ameneyu ndiye amateteza munthu magetsi akathaŵira ku chitsulo cha makina. Nthawi zina kumuchotsa kumaletsadi phokoso, koma mwana kapena woimba wogwira maikolofoni ali chosavala nsapato pa dothi lonyowa akhoza kugwidwa ndi magetsi mpaka kufa. Pulagi yoyenera mtengo wake sufika pa wa sipika.

Phokoso likapitirirabe mawaya onse atazulidwa ndipo mawu ali pansi, vuto lili mkati. Nthawi zambiri ndi makapasita akuluakulu osalaza magetsi, amene amauma kapena kutupa akakalamba. Apa mwini wake asatsegule yekha, pakuti makapasita amasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa. Apite nawo kwa mmisiri ndi kumufotokozera zonse zimene wayesa kale, kuti asalipiritsidwe zinthu zosawonongeka.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kufufuza konseku sikutha ngakhale ola limodzi, pamene ndalama za sipika yatsopano zikadagula feteleza wa dzinja likudzali.