KUSULA MPENI PA MUDZI

Alimi a ku Dowa ndi ku Nchisi, mukatha kukolola cimanga ndi kugulitsa fodya, pamakhala masabata angapo opuma musanafese nazale. Nthawi imeneyi munthu angathe kuphunzira luso lomthandiza pakhomo, monga kusula mipeni. Mlimi ali yense afuna mpeni wosendera luzi, wosadzira mikangala ndi wophera nkhuku, koma mpeni wa ku sitolo udya ndalama, ndipo wina ubuntha msanga.

Kusula si cinthu cacilendo m'dziko muno. M'caka ca 1863 David Livingstone, pokwera ku mtunda kucokera ku Nkhotakota, anapeza ng'anjo zadothi zosungunulira citsulo m'midzi yambiri, ndipo zina mwa ng'anjo zakale ziripobe m'nkhalango ya Kasungu. Makolo anali kubvutika ndi kukumba mtapo. Inu citsulo mucipeza kale.

Kusankha citsulo

Si citsulo conse cimene cipanga mpeni. Misomali ndi waya nzofewa, sizisunga ukali. Malata musawaike pa moto konse, pakuti utsi wace udwalitsa. Cabwino ndico sipuling'i yothyoka ya galimoto, kapena citsulo ca tupa cimene cinatha mano. Mukakaika, yesani cotere: fiiritsani nsonga yace pa moto, iviikeni m'madzi, ndi kuimenya ndi nyundo. Ikathyoka, citsuloco ncabwino, ikangopindika, cisiyeni.

Cipala

Woyamba safuna zambiri: nyundo, mbaniro, tupa, mvukuto wa cikopa ca mbuzi, ndi citsulo colemera cosulirapo, cokhazika pa citsa. Cipala cikhale pa mthunzi, kuti muone bwino maonekedwe a citsulo cotentha, ndiponso kutali ndi cigafa ndi nkhokwe. Mwera ukamaomba, kamoto kamodzi kangathe kutsiriza cakudya ca caka conse.

Makala musakawafune m'nkhalango ya Nchisi kapena ya Kongwe. Lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kuocha makala a mitengo yacilengedwe popanda cilolezo. Nthambi za bulugama amene munabzala nokha zikwanira, pakuti mpeni umodzi sufuna makala ambiri.

Kasulidwe kace

1. Yambani ndi kampeni ka mainchesi 4. Cikwanje cidzabwera m'tsogolo.

2. Fiiritsani citsulo, cikwirireni m'phulusa lotentha, cigone momwemo. M'mawa mudzacipeza citafewa.

3. Menyani pokhapo ciri cofiira. Cikayamba kuda, cibwezeni pa moto, pakuti kumenya citsulo cozizira kucing'alula. Yambani ndi nsonga, kenaka msuka wolowa m'cigumbu, potsiriza pyapyalitsani mbali yodulira.

4. Salazani ndi tupa, koma musanole tsopano. Kodulirako kukhale kocindikala ngati ndalama yacitsulo, cifukwa kopyapyala kwambiri kupindika kapena kung'aluka pobviika.

Kulimbitsa

Apa ndi pamene pagona luso. Mpeni wosulidwa bwino koma wosalimbitsidwa uli cabe. Ikani mpeni pa moto kuti ufiire mofanana ponse. Tengani maginito a m'wailesi yakufa, muziyesa nawo. Citsulo cikafika pa madigiri 770, maginito aleka kucikoka. Bwezani mpeni pa moto kanthawi pang'ono, ndipo mwamsanga ubviikeni m'mafuta ophikira ofunda, a mtedza kapena a mpendadzuwa, mbali yodulira iri pansi. Uyendetseni kutsogolo ndi kumbuyo, osati cam'mbali, ungakhote. Madzi aziziritsa mofulumira kwambiri, ndipo kawiri kawiri ang'alula sipuling'i. Mafuta akhale m'citini cokhala ndi cibvundikiro. Akayaka, bvundikirani, musathirepo madzi.

Mpeni ukazizira, upaleni ndi tupa. Pakangoterera osadyeka, nchito yatheka.

Kucepetsa kuuma

Koma musaugwiritse nchito msanga. Tsopano mpeniwo uli wouma ngati galasi, ungathe kuthyoka pongogwa pansi. Tsiku lomwelo ukwecheni ndi mwala kufikira uwale. Fiiritsani citsulo cina cacikuru, ndi kugoneka msana wa mpeni pamenepo, kodulira kuli m'mwamba. Penyetsetsani. Mudzaona mitundu ikuyenda kucokera ku msana: poyamba cikasu cotuwa, kenaka cofiirira, potsiriza buluu. Kodulira kukangofanana ndi phesi louma la cimanga, cotsani mpeni ndi kuuziziritsa. Kukafika pa buluu, kwafewa kwambiri, ndipo muyenera kuyambanso kulimbitsa. Moto wa changu uononga; kuona maso a nkhono nkudekha.

Cigumbu ndi kunola

Sankhani mtengo wouma ndi wolimba, monga mlombwa wotsala kwa mmisiri wa matabwa. Boolani ndi waya wotentha, bvekani kamphete ka paipi ku mutu kwace kuti ungang'aluke, ndipo khomerani msuka. Tsono nolani pa mwala wothira madzi, mbali zonse ziwiri mofanana.

Cenjezo

Bvalani magalasi posula, cifukwa diso silimera kawiri. Citsulo cakuda cingathe kukhala cotentha ndithu. Cigwireni ndi mbaniro nthawi zonse. Ana akhale patali. Mukatha nchito, zimitsani moto ndi madzi.

Ngati m'mudzi mwanu muli wosula, pitani mukampemphe kuti mumbvukutire. Mudzaphunzira zambiri pa masiku 3 koposa pa mwezi wa kuyesa nokha. Mpeni wanu woyamba udzakhala wokhota. Musataye mtima, usungeni kuti mudzaulinganize ndi wacisanu. Dzanja likazolowera, makasu ndi nkhwangwa zanu mudzakonza nokha, ndipo misika ya ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo siiri kutali.