Mpweya wa chlorine umathawira pansi

Loweruka lina amai a m'mphakati wathu anali kutsuka zimbudzi za pa chalichi kukonzekera Misa. Mmodzi, pofuna kuti pawale msanga, anathira Jik m'ndowa momwe munali kale mankhwala ena otsukira, aja okhala ndi asidi. Posakhalitsa anatuluka akutsokomola, maso ali psuu. Koma amene anavutika koposa ndi kamwana kake kamene kanakhala pansi pakhomo.

Ena anayamba kunong'onezana za ufiti. Iai abale, unali mpweya wa chlorine. Jik ikakumana ndi asidi imatulutsa mpweya umenewu.

Funsani ana anu a ku sekondale, amauphunzira pamodzi ndi abale ake fluorine, bromine ndi iodine, uja amaika mu mcere kuti tisatupe pakhosi. Mu laboratore amaupanga potenthetsa ufa wakuda wa manganese dioxide ndi hydrochloric acid, monga anacitira Carl Scheele wa ku Sweden mu 1774. Mtundu wake ndi wacikasu wopita ku msipu. Ife ku seminale yaing'ono mtima unali pa Cilatini, koma cimodzi sindinaiwale: botolo losonkhanitsiramo mpweyawu amaliimika kukamwa kuli m'mwamba, cifukwa chlorine amalemera kuposa mpweya umene timapuma kawiri ndi theka. Amatsika n'kudikha pansi ngati madzi. Ndiye cifukwa cake mu 1915, ku Ypres m'dziko la Belgium, asilikali a Germany ataumwaza unatsikira m'maenje momwe adani ao anabisala. Ndi cimeneconso kamwana kaja kanapuma wambiri kuposa amai ake amene anali ciimire.

Zikacitika, tulukani panja msanga, mwana mum'nyamule m'mwamba, tsegulani zitseko, ndipo tsukani maso ndi madzi ambiri. Cifuwa cikapitiriza kubanika pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, pakuti mapapo nthawi zina amayamba kuvuta patapita maola.

Musamve ngati ndikuti tayani chlorine. Tonse tikumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Chlorine wa m'madzi akumwa ndiye amapha tizilombo ta matendawa. Thirani Clorin pa muyeso wolembedwa pa botolo, gwedezani cigubu, dikirani mphindi 30. Madzi a kudambo kapena a m'citsime cosaphimba ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera, cifukwa matope amadya mphamvu ya mankhwala asanafike pa tizilombo. Dzuwa nalo limaifooketsa, conco botolo lisakhale pa windo.

Kwa alimi anzanga: chlorine wa ufa uja wothira m'zitsime musamusunge m'cipinda cimodzi ndi matumba a feteleza, dizilo kapena mafuta a injini. Zikasakanikirana zingabutse moto. Ku parishi kwathu tsopano ndowa ya Jik tinaimanga kansalu kofiira pa cogwirira, ndipo simulowanso cina koma madzi.