Chiphaso cha Unzika Si Chilolezo Cholowera mu Bala

Anzathu ena a Fomu 3 ndi 4 akangolandira chiphaso cha unzika amayamba kuyenda mwamatama, ati tsopano akula. Dikirani kaye. Bungwe la NRB limapereka chiphasochi kuyambira zaka 16, pomwe malamulo amaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Kubetcha mpira nakonso ndi 18. Ndiye pali zaka ziwiri zathunthu zimene munthu amakhala ndi chiphaso m'thumba koma adakali mwana.

Apa ndi pamene wogulitsa angapusitsike. Akangoona chiphaso n'kunena kuti "lowa" osawerenga, sanayeze chilichonse. Chofunika ndi tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa, kenako chithunzi, poti wina akhoza kubwereka cha mkulu wake.

Makina alipo ndithu. Chiphasochi chimatha kuwerengedwa ndi foni, monga ankachitira makolo athu akamagula feteleza wa AIP. Koma wa bala pa Bangula pano agulirenji chida chodalira magetsi ndi netiweki? Chinanso, chida chongowerenga chiphaso sichiona nkhope ya amene wachibweretsa. Ine ndikuona kuti maso ndi samu yochotsera zikukwanira: chaka chino kuchotsa chaka chobadwa, n'kuona ngati mwezi wake wafika.

Povuta ndi pa kachasu wa kuseri kwa nyumba. Kumeneko palibe wofunsa chiphaso, chonsecho wogulitsayo anakuona uli kumsana kwa mayi ako, zaka zako akuzidziwa bwinobwino.