Kodi mumadziwa? Ohtani amaponya, amamenyanso

Mu baseball ya ku America, woponya mpira ndi womenya amakhala akatswiri osiyana. Shohei Ohtani wa ku Japan amachita zonse ziwiri.

Mu 2021, akusewerera Los Angeles Angels, anamenya ma home run 46, mipira yomwe inauluka mpaka kudutsa mpanda. Poponya anatulutsa omenya olephera kumenya mpira wake maulendo 156, napambana masewero 9 n'kugonja awiri okha. Mpira wake umatha kuthamanga makilomita 160 pa ola pa mtunda wa mamita 18, moti womenya amakhala ndi nthawi yosakwana theka la sekondi. Liwiro lotereli anyamata a legeni a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi angalivulire chipewa.

Ovota onse 30 anamusankha kukhala wosewera wopambana mu American League chaka chimenecho.