Kabokosi Koyima Pakati pa Woyimba ndi Kompyuta

Mwa mafunso onse amene aphunzitsi a makwaya ndi anyamata oyimba amandifunsa, kuyambira ku Zalewa kufikira kumapiri a kwa Dambe, palibe limene limabwera kawirikawiri koposa lakuti agule sound card yotani kuti azijambulira nyimbo kunyumba. Ndipo ine, amene ndimadyera ntchito yojambula mawu, ndaona kuti n'koyenera kuyankha poyera, pakuti ambiri ataya ndalama za mbatatesi ndi manachesi pa chinthu chimene sanachimvetse.

Ntchito ya kabokosi ka sound card kameneka si yamatsenga ayi. Mawu akalowa m'maikolofoni amasanduka mphamvu ya magetsi yochepetsetsa, ndipo kabokosiko kamayamba kaikuza mphamvuyo, kenaka n'kuisandutsa manambala, popeza kompyuta simva chinenero china koma cha manambala. Pobweza mawu kumahedifoni kamatsata njira yomweyo chobwerera.

Tsono musanafunse mtengo, werengani amaikolofoni amene mudzalumikiza nthawi imodzi. Mnyamata amene amapanga zing'wenyeng'wenye zake mu FL Studio, nangofuna kuikapo mawu ake okha, khomo limodzi limukwanira, monga la Focusrite Scarlett Solo kapena Behringer UMC22. Koma kwaya, ngati aja a ku Matandani amene amayimba mawu anayi mogwirizana, imafuna makomo awiri, kuti maikolofoni ina imve a kumanzere ndi inzake a kumanja. Pamenepo yang'anani Scarlett 2i2 kapena UMC202HD. Onetsetsaninso kuti pali kabatani kolembedwa 48V, chifukwa maikolofoni ya condenser, imene imatola ngakhale kupuma kwa woyimba, siilankhula popanda mphamvu imeneyo, pamene ya dynamic, monga Shure SM58, siifuna konse.

Nkhani imene ndifuna kukhalapo pang'ono ndi ya magetsi. Ngakhale kuti malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali pa Shire m'malire mwathu momwemu, midzi yambiri ya kuno idalira sola, ndipo kumene nthambo zinafika magetsi amathima osatsanzika. Chifukwa chake ndimalangiza kabokosi kamene kamadya mphamvu ya laputopu kudzera pa USB, kosafuna pulagi yakeyake, kuti magetsi akapita pakati pa vesi, oyimba amene ayenda mtunda wautali asabwerere chimanjamanja. Ndipo mukamva kulira kwa "nziii" m'mahedifoni, musafulumire kuweruza kabokosi: zulani chaja ya laputopu, mujambule pa batire, pakuti nthawi zambiri wolakwa ndi chajayo kapena inverter.

Za manambala aakulu olembedwa pa katoni, monga 192 kHz, musatekeseke nazo. Nyimbo za pa CD zimakhala pa 44.1 kHz ndi 16 bit, ndipo amene ajambula pa 48 kHz ndi 24 bit sasowa kanthu. Zoposa pamenepo zimangodzaza kompyuta, pamene chimene chiwononga nyimbo kwenikweni ndi chipinda cha makoma osalala ndi mvula yogogoda pa malata. Chofunika koposa ndicho kuti woyimba azidzimva nthawi yomweyo, mawu ake osachedwa m'njira, chifukwa kuchedwa kochepa kokha kumasokoneza ngakhale katswiri. Funani tsono kabatani ka direct monitor, ndipo pa Windows muike driver ya ASIO.

Mukapita ku Blantyre kapena ku Limbe kukagula, kapena mukapatsidwa kogwiritsidwapo kale ntchito kochokera ku Joni, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyamulani laputopu yanu ndi mahedifoni, mulumikize maikolofoni pamaso pa wogulitsa, muyese khomo lililonse, ndi kupotoza kachitsulo ka gain pang'onopang'ono mukumvetsera; mukamva kuthetheka, kapena nthambo ya USB ikamagwedera pakhomo pake, bwezani ndalama zanu m'thumba mupite sitolo ina.